Dip ya ring yanga ikusuntha ndikakweza laser, ndi kutentha chabe kapena graphene oxide yapsa?

Kachere_Photon
Akuluakulu amene mumagwira za kuwala ndi ma chip pagulu pano ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi ma microring (timphete ta pa chip tozunguliramo kuwala) a silicon nitride, pamwamba pake tinakutapo graphene oxide (GO) ma layer ochepa chabe, cholinga tione ngati four-wave mixing (FWM, kusakanikirana kwa kuwala kumene kumabala ma wavelength atsopano) ikwere. Laser ndi ya 1550 nm, CW (yoyaka mosalekeza), ikudutsa mu EDFA (amplifier ya kuwala). Mphamvu ikakhala yochepa zonse zili bwinobwino, dip (pamene kuwala kotuluka kumatsika pa resonance ya ring) yakuthwa, ili pamalo pake. Ndikangokweza imathawira ku red (wavelength yaitali) komanso imapendekeka, ndiye ndikatsitsa nthawi zina imabwerera yonse, nthawi zina imabwerera koma yafutukuka ndipo sikuyanso ngati kale. Mkulu wa lab akuti ndi thermal drift basi ndisadandaule, ine mtima ukukana. Alipo anakumanapo nazo?

Mr_Ohms
Graphene si ija imachotsa kutentha kuposa copper? Ndiye itenthe bwanji. Onani TEC yanu (chosunga chip pa temperature imodzi) kaye amwene, mwina stage ndi imene ikuseweretsa.

NaBanda_Raman
Mr_Ohms mwasakaniza zinthu ziwiri apa. Graphene yeniyeni, ija Geim ndi Novoselov anaisenda ndi selotepi ku Manchester mu 2004, inde imayendetsa kutentha modabwitsa. Gulu la Balandin ku UC Riverside mu 2008 linayeza pa kachidutswa kolenjekeka m'malere nkupeza manambala okafika cha m'ma 5000 W/mK, pomwe copper ili pa 400. Koma graphene oxide ndi nyama ina. Pa pepala la carbon lija mwadzaza oxygen, ma epoxy ndi ma hydroxyl pamwamba, ma carboxyl m'mphepete, carbon yambiri yasanduka sp3, ndiye ma phonon amene amanyamula kutentha amangogundagunda pa zopingazo. Conductivity imagwa kwambiri, manambala ake ndi a m'munsi zedi poyerekeza ndi graphene, ndipo kudutsa kuchoka pa layer ina kupita ina ndiye kumavuta koposa chifukwa pakati pamakhala madzi ndi mpata. Musayembekezere kuti GO ikuziziritsireni ring, iyoyo ndi imene ikubweretsa moto.

Mr_Ohms
Chabwino adona ndamva. Koma TEC ayionebe kkkk

Kachere_Photon
TEC ili bho, chip ili pa 25 °C osagwedezeka. Koma thermistor ili pansi pa chip, sikudziwa zimene zikuchitika mu ring momwemo.

Gogo_Fizikisi
Mwana wanga, mkulu wa lab wako akunena zoona theka. Tiyeni tilekanitse zinthu zitatu zimene zonse zimaoneka ngati chimodzi pa sikirini.

Choyamba ndi thermo-optic wamba, imene ilipo ngakhale pa ring yopanda kanthu pamwamba. Kuwala pang'ono kukayamwidwa waveguide (kamsewu ka kuwala) imafunda, refractive index imakwera, resonance nkupita ku wavelength yaitali. Pa silicon coefficient yake ndi cha pa 1.8 × 10⁻⁴ pa digiri iliyonse, pa silicon nitride ndi cha pa 2.5 × 10⁻⁵, ndiye iwe uli ndi mwayi kusiyana ndi anzako a silicon. Kupendekeka ukunenako kumachokera pamenepa: ukamasesa laser kuchoka ku blue kupita ku red, laser ikalowa mu resonance ring imafunda, resonance imathawa kutsogolo, laser nkumaithamangitsa mpaka italephera, dip nkudumpha mwadzidzidzi. Ukasesa mobwerera suona mawonekedwe omwewo. Imeneyo ndi bistability ndipo siwononga kanthu, ukazimitsa zonse zimabwerera mwakanthawi kochepa kwambiri.

Chachiwiri ndi madzi. GO imakonda chinyezi moti mpata wa pakati pa ma layer umasintha kutengera mpweya wa m'chipinda, pa graphite mpatawo ndi 0.335 nm koma pa GO umayambira cha m'ma 0.7 nm nkumakwera mpaka kupitirira 1 nm ikamwa madzi okwanira. Ukaitenthetsa ndi kuwala madziwo amatuluka, filimu imapyapyala pang'ono, index imasintha. Izi zimabwerera koma mochedwa, mphindi kapena maola, osati nthawi yomweyo.

Chachitatu ndiye chimene ukuopacho. Oxygen yeniyeniyo ikayamba kuchoka ngati CO ndi CO₂ ndi madzi, GO yasanduka reduced GO (rGO). Pa TGA (kuyeza kulemera kwa chinthu uku ukuchitenthetsa) kulemera kumagwa kwambiri cha pa 200 °C, koma zimayamba mwakachetechete usanafike pamenepo makamaka ukaisiya nthawi yaitali. Madzi a m'poto ukawaphula amazizira okha, koma ufa umene walowa mu nsima subwereranso m'thumba. Filimu ikada, imayamwa kuwala kwambiri, ikayamwa kwambiri imatentha kwambiri, ikatentha imadanso, basi bwalo lake ndi lomwelo. Dip yofutukuka imene sikubwererayo ine ndikuiloza pamenepa, chifukwa kutentha kokha kumasuntha malo a resonance koma sikusiya Q (muyezo wa kuthwa kwa resonance) itagwa laser itazima.

Kachere_Photon
Gogo zikomo kwambiri, apa mwanditsegula mutu. Funso langa ndi loti mphamvu ndikulowetsa mu bus waveguide (yolowetsa kuwala mu ring) si yochuluka kwenikweni, ingafikitse filimu pa 200 °C?

Gogo_Fizikisi
Usawerengere ya mu bus. Mu ring kuwala kumazungulira kambirimbiri, pa resonance mphamvu yam'katimo imaposa yolowayo kutengera finesse (mmene ring imasungira kuwala) yako, itha kukhala kakhumi kapena kuposa. Ndiye zonsezo zadzazana mu kamsewu ka micron imodzi m'lifupi, pansi pake pali silica ya 1.4 W/mK, pamwamba mpweya. Kutenthako kuthawire kuti?

Tchale_wa_ku_Joni
Pepani ndilowerere, ine si wa sayansi ndimangowerenga. Graphene oxide imeneyi si ija ankati anaithira mu katemera wa Covid? Kuno ku Joni anthu ankadziika ma coin ndi maginito paphewa mu 2021 eti ikumata.

NaBanda_Raman
Achimwene Tchale inali mphekesera chabe ija. Pa mndandanda wa zimene zili mu akatemera aja mulibe graphene oxide. Komanso GO mukaiona simungaiphonye, m'madzi imakhala yabulauni ngati yachuluka, yachikasu ikachepa, sibisala. Ndipo sikoka maginito. Coin ikamamatira paphewa ndi thukuta limenelo.

Tchale_wa_ku_Joni
kkkkk thukuta. Ndikawauza apongozi anga sakavomera koma chabwino.

dzuwa_1550
Tibwerere kwa Kachere. Ine funso langa ndi lina, mukuvutikiranji ndi GO pomwe CVD graphene (yomeretsa kuchokera ku gasi) ilipo? Ndi yokhazikika, ilibe oxygen yoti ichoke, nonlinearity yake ndi yaikulu. GO ndimaiona ngati njira yachidule imene anthu amaikonda chifukwa ndi yotchipa basi.

NaBanda_Raman
Yotchipa ndi chifukwa chokwanira kale, koma si chokhacho. Graphene layer imodzi yokha imayamwa 2.3% ya kuwala kongodutsa kamodzi choimirira, ndiye ganizirani mwaigoneka pa waveguide kuwala kukuyenda nayo limodzi mtunda wonse, loss yake imakhala yoopsa, mu ring Q imatheratu. Ilibe bandgap, imadya wavelength iliyonse. GO ili ndi bandgap yoposa 2 eV ikakhala ndi oxygen wokwanira. Photon ya 1550 nm ndi 0.8 eV, ziwiri ndi 1.6 eV, sizikwanabe kudumpha, ndiye two-photon absorption (TPA, kumwa ma photon awiri nthawi imodzi) imakhala yochepa. Silicon ndi 1.12 eV, nchifukwa chake imavutika ndi TPA pa telecom. Mfundo yonse ya GO pa chip yagona pamenepo, Kerr (kusintha kwa index ndi mphamvu ya kuwala, kumene FWM imadalira) yabwino koma loss yocheperako. Kuwonjezera apo CVD graphene mumaimeretsa pa copper foil cha pa 1000 °C, kenako kuikuta ndi polymer ya PMMA, kenako kusungunula copper, kenako kuiwedza nkuigoneka pa chip, ikafika yang'ambika, yakwinyika, yatsalira zinyalala za polymer, ndipo m'mbali mwa waveguide sikumata imangoyala ngati tenti. GO mumangoviika chip mu polymer ya positive charge, kutsuka, kuviika mu GO imene ili negative, kutsuka, layer ndi layer, imakuta ndi m'mbali momwe.

dzuwa_1550
Zonsezo ndikuvomereza, koma mwangonena nokha kuti ubwino wake uli mu oxygen, ndipo Gogo anena kuti kuwala komwe mukufuna kugwiritsa ntchitoko ndi kumene kumachotsa oxygen. FWM imafuna pump yamphamvu. Ndiye chipangizo chimene chimadzisintha chokha mukachigwiritsa ntchito mwamphamvu mungachigulitse kwa ndani? Data centre imafuna chinthu chikhale chimodzimodzi zaka.

NaBanda_Raman
Pamenepo sindikutsutsani. Ku data centre sichinafike. Koma mu lab muli malire amene pansi pake filimu imakhala bwino, ntchito ndi kuwapeza malirewo pa geometry yako.

Mphunzitsi_Dedza
Ine ndimaphunzitsa Physical Science ku sekondale ndiye ndikutsatira mwapang'onopang'ono. Graphite imene mukunenayi ndi yomwe ija ili mu pensulo eti? Nanga ya ku Kasiya ingapange zimenezi? Ana amandifunsa kuti miyala ikukumbidwayi ntchito yake nchiyani ndimangoti mabatire.

Chimwala_Geo
Aphunzitsi ndi yomweyo, ya mu pensulo amaisakaniza ndi dongo chabe. Ku Kasiya ndi Sovereign Metals ya ku Australia, mgodi wake ndi wa rutile ndi graphite pamodzi, Rio Tinto inagulamo gawo mu 2023. Ku Malingunde kulinso graphite, ndipo ku Mozambique Syrah Resources ikukumba kale ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado. Flake graphite yamtunduwu ndi imene amayambira popanga GO, zoona. Koma tisanamizane, msika waukulu ndi ma anode a mabatire a lithium ndi njerwa za m'ng'anjo zosungunulira zitsulo. Chip ya Kachere filimu yake ndi ma nanometer, supuni imodzi ya graphite ingamukwanire PhD yonse ndi ya mdzukulu wake. Za photonics sizingatidyetse ngati dziko.

Mphunzitsi_Dedza
Nanga sitingapange GO ku lab ya sukulu ana aone? Permanganate tili nayo, yomwe ija ya pepo yotsukira zilonda.

NaBanda_Raman
Aphunzitsi chonde ayi, ndagwira mwendo. Njira ya Hummers ndi Offeman ya 1958 ndi concentrated sulfuric acid, sodium nitrate ndi potassium permanganate. Permanganate ikakumana ndi asidi wamphamvu choncho imapanga Mn₂O₇, ndipo ameneyu akafunda kupitirira 55 °C kapena akakhudza kanthu ka organic amaphulika. Timapanga mu fume hood, mu ice bath, kuthira pang'onopang'ono. Ngakhale njira ya gulu la Tour ku Rice University ya 2010, imene inachotsa nitrate nkuika phosphoric acid kuti pasatuluke utsi wapoizoni, asidi ndi permanganate zikadalimo. Brodie woyambayo mu 1859 ankagwiritsa ntchito potassium chlorate ndi fuming nitric acid, imeneyo ndiye musaiganizire nkomwe. Ngati mukufuna ana aone kanthu, apatseni selotepi ndi graphite asende okha, kapena ajambule mzere wokhuthala wa pensulo papepala ayeze resistance ndi multimeter, atalikitse mzere aone ikukwera.

Mphunzitsi_Dedza
Ya pensuloyo ndiyesa Lolemba. Zikomo mayi.

Fiber_Mlonda
Kachere, ine ndinagwirapo GO pa side-polished fiber osati pa chip koma matenda ake ndi omwewa. Chimene chinandithandiza ndi kusiya kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Tenga ring ina pa chip yomweyo imene ilibe GO, ipatse mphamvu yofanana, uone ikusuntha bwanji, imeneyo ndiye thermo-optic ya nitride payokha. Pa ya GO uzichita chonchi, yeza spectrum pa mphamvu yochepa kwambiri yoti singafunditse kanthu, kweza sitepe imodzi usiye mphindi zingapo, tsitsa uyezenso pa yochepa ija, dikira ola uyezenso, mawa lake uyezenso. Uzilemba malo a dip, linewidth ndi extinction zonse zitatu, osati malo okha. Zikabwerera pompopompo ndi kutentha. Zikabwerera mawa ndi madzi. Zikakana mpaka sabata ndiye wawotcha. Ukatero upeza sitepe imene zinthu zimayamba kusabwerera, pamenepo ndiye denga lako. Ugulenso ka hygrometer kotchipa uike pambali, ine lab yathu chinyezi chinkasintha kwambiri aircon ikazima usiku ndipo loss ya m'mawa sinkafanana ndi ya madzulo, tinkangoloza laser mlandu wosalakwa.

Kachere_Photon
Ring yopanda GO ndili nayo, ndiyesa mawa. Raman (kuunika filimu ndi laser kuti uone ma bond ake) ingandiuze ngati yapsa?

NaBanda_Raman
Ingathandize koma samala nayo, laser ya Raman ya 532 nm ukaiunjika pa kadontho ka micron imodzi nayonso imawotcha GO ukuyeza momwemo, ndiye umapeza zimene wapanga wekha. Tsitsa mphamvu pansi penipeni, nthawi yaifupi. Uona ma peak awiri, D cha pa 1350 ndi G cha pa 1590 cm⁻¹, koma ratio ya D ndi G pa GO ndi yosokoneza, nthawi zambiri imakwera pambuyo pa reduction m'malo motsika chifukwa timagawo ta sp2 tatsopano timakhala tating'onoting'ono tambiri. Anthu ambiri amawerenga mozondoka pamenepa. XPS (kuyeza ma element ndi X-ray) ndi imene imanena mosabisa, C/O (ratio ya carbon ndi oxygen) ya GO yatsopano imakhala cha pa 2, ikakwera ndiye oxygen wapita, vuto spot ya XPS ndi yaikulu kuposa waveguide yako. Njira ina yosavuta, kuta GO yomweyo pa quartz, uziitenthetsa pa hotplate masitepe nkumayeza UV-vis. Peak ya pa 230 nm imasunthira cha ku 270 nm ikamachita reduce, ndipo ndi maso omwe uona ikuda. Sizikuuza temperature ya mu ring koma udziwa filimu yako imayamba kugonja pati.

Mr_Ohms
Bwanji osangoikutira ndi oxide pamwamba oxygen asowe kothawira?

Gogo_Fizikisi
Oxide ya njira ya PECVD imaikidwa pa 300 °C kapena kuposa, ndi plasma pamwamba pake. Ukamaliza kukutira GO yako yapsa kale usanayatse ndi laser yomwe. Alumina ya njira ina, ya ALD, imatheka pa temperature yotsika, cha m'ma 100 °C, imeneyo ingatchinge chinyezi ndithu. Koma chivundikiro sichiletsa bond ya carbon ndi oxygen kuduka ikatentha, ndipo gasi wotulukayo akasowa njira amatukumula filimu matuza.

dzuwa_1550
Ndiye mwabwera kumbali yanga Gogo kkkk

Gogo_Fizikisi
Ayi, sindinabwere. Iwe ukuona kusinthako ngati chilema chokha, pomwe ena anakusandutsa chida. A ku Swinburne ku Melbourne, gulu la Baohua Jia, mu 2015 analemba mizere yozungulira ndi laser pa filimu ya GO yokhuthala 200 nm yokha, pamene laser yadutsa pasanduka rGO, index ina, absorption ina, kukhuthala kwina, nkutuluka lens yafulati. A ku UCLA, El-Kady ndi Kaner, mu 2012 anagwiritsa ntchito DVD burner wamba ya LightScribe kuwotcha GO nkupanga ma electrode a supercapacitor. Ngakhale flash ya kamera imachita reduce GO, a ku Northwestern anaonetsa mu 2009. Ndiye chinthu choti ungachilembe ndi kuwala popanda mask, popanda etching, si chachabe. Ndipo gulu la David Moss ku Swinburne komweko lakhala likuika GO pa ma waveguide a doped silica, nitride ndi silicon, FWM ndi ma polarizer, nkhani ya photothermal imeneyi amaidziwa ndipo analembapo. Kachere awerenge zawo asanayambe kutulukira zimene zinatulukiridwa kale.

dzuwa_1550
Lens ndi electrode mumawotcha kamodzi mwadala nkusiya. Ring ya Kachere ikuwotchedwa tsiku lililonse mosafuna. Si zofanana.

Fiber_Mlonda
Apa dzuwa ali ndi mfundo. Koma pali njira yapakati imene ine ndinaiona ikugwira, kuifunditsa filimu mwadala pa hotplate pa temperature yapakatikati musanayambe kuyeza, kuti madzi ndi ma group osalimbawo achokeretu. Umataya Q pang'ono poyamba koma zotsalazo sizisinthasintha pa mphamvu yomwe ija. Kwa ine kunali bwino kukhala ndi loss yokwererako yodziwika kusiyana ndi yochepa imene mawa yasintha.

NaBanda_Raman
Ndipo Kachere sunatiuze polarization. GO ndi mapepala ogonekedwa, imayamwa kwambiri kuwala kumene electric field yake yagona motsatira pepalalo kusiyana ndi imene yaima. Pa filimu ya pamwamba pa waveguide ndiye kuti TE (yogonayo) imadyedwa kwambiri kuposa TM (yoimayo), ma polarizer a GO amagwira ntchito chifukwa cha chomwechi. Ngati fiber yako si PM (yosunga polarization) ndipo wina waigunda, gawo la TE ndi TM lasintha, kutentha mu filimu kwasinthanso, iwe nkumaona ngati "nthawi zina imabwerera nthawi zina ayi" pomwe sunapatse filimu mlingo wofanana.

Kachere_Photon
Ndi single-mode fiber wamba ndi ma paddle, ndimakonza TE ndi dzanja m'mawa basi. Setup timagawana anthu atatu.

NaBanda_Raman
Eeh. Ika polarizer ndi tap ya 1% uziyang'anira nthawi zonse, apo ayi manambala ako sadzagwirizana.

Chimwala_Geo
Ine za geology ndatha, koma ndifunse mwaumbuli, simungangochepetsa utali wa filimu? Osakuta ring yonse?

Gogo_Fizikisi
Si umbuli, ndi zimene amachita. Amatsegula kawindo mu cladding kapena amachita lift-off, GO nkukhala pa kagawo ka ring ma micron makumi angapo. Ma layer akachuluka nonlinearity imakwera koma loss nayo imakwera, ndiye pali pena pake pamene phindu la FWM limafika pachimake nkuyamba kutsika, ndipo pa CW pachimakepo pamabwera msanga chifukwa cha kutentha. Nchifukwa chake ine ndikadakhala Kachere ndikadabwereka pulsed laser. Kerr imamvera peak power, kutentha kumamvera average power. Ma pulse a picosecond pa repetition rate ya ma MHz makumi angapo amakupatsa peak yaikulu filimu ili yozizira. Mu ring zimavutako chifukwa pulse yaifupi ili ndi bandwidth yoposa linewidth ya resonance, ndiye ayambe ndi waveguide yowongoka, kapena adule CW yomweyo ndi modulator ikhale ma nanosecond pa duty cycle yochepa.

Kachere_Photon
Modulator ilipo, pulsed laser ndi ya gulu lina ndipo mzere wake ndi wautali. Ndiyamba ndi duty cycle ya 10% ndione ngati kupendekeka kuchepe. Ring imene yafutukuka kale ija ndiisunge ngati sample ya Raman kapena ndichotse GO ndi oxygen plasma ndikutenso?

NaBanda_Raman
Isunge, usaikhudze. Ndi yokhayo imene ili ndi mbali yopsa ndi mbali yosapsa pa chip imodzi, map ya Raman kuchoka pa waveguide kupita panja ikuonetsa kutentha kunafika patali bwanji. Plasma uchite pa ina.

dzuwa_1550
Ukapeza threshold utiuze mu mW za mu ring osati za pa EDFA, ndikufuna ndione ngati FWM yako ikhale itayamba kuoneka usanafike pamenepo. Ine ndikubetcha Fanta kuti ayi.

Fiber_Mlonda
Pa ma layer awiri kapena kuchepera ndikulowa kubetchako, mbali ya Kachere. Kupitirira asanu Fanta ndi yanu.